Lilime Lidalandira Munda Waukulu mu Ubongo

Amayi anzathu owerenga tsamba lino, nkhani yathu sabata ino ndi ya kachiwalo kamene kamatchuka pa zoipa zokhazokha. Lilime limanenedwa pa miseche, pa mabodza ndi pa mikangano ya pachitsime, koma ntchito imene limagwira mwakachetechete pa nthawi ya chakudya palibe amene amaithokoza. Tsitsi limodzi likagwera mumphika wa ndiwo, maso salipenya, zala zosusa sizilimva, koma likangofika m'kamwa lilime limaligwira nthawi yomweyo, n'kulipatula pakati pa chakudya chonse, n'kulikankhira kumilomo. Chimodzimodzinso kamunga ka chambo kobisala m'mnofu, kamchenga kotsalira m'chisoso, ndi timibulu ta ufa m'nsima ya mtsikana amene akuphunzira kumene kugwira mthiko. Kodi mudayamba mwadzifunsa kumene lilime lidautenga ukatswiri wotere? Yankho lake lili mu ubongo, ndipo ndi yankho loyenera kulidziwa mayi aliyense amene amadyetsa khanda kapena kusamala kholo lokalamba.

Tiyambe ndi mawu oti kumva. Ife Achewa timamva ng'oma, timamva fungo, timamva mchere, timamva kuzizira, timamvanso malangizo a anankungwi, zonsezi ndi mawu amodzi. Koma thupi limazisiyanitsa. Lilime lili ndi ntchito ziwiri za kumva zimene zimayenda misewu yosiyana. Yoyamba ndiyo kulawa, kudziwa kuti ichi n'chozuna, ichi n'chowawasa, umu muli mchere. Yachiwiri ndiyo kukhudza, kudziwa kuti ichi n'cholimba, ichi n'choterera ngati therere, ichi n'chotentha, ichi chikubaya. Mauthenga a zonsezi amanyamulidwa ndi mitsempha, koma osati ya magazi ayi. Iyi ndi mitsempha ina yoyera, yonga ulusi, imene imalumikiza ziwalo ndi ubongo.

Mukagawa lilime patatu, zigawo ziwiri za kutsogolo zimatumiza uthenga wa kukhudza kudzera mu mtsempha waukulu wa kumaso wotchedwa trigeminal, womwewo umene umatumikira mano, nkhama ndi milomo. Uthenga wa kulawa wochokera pamalo omwewo umatenga njira ina yodabwitsa, pakuti umadzera m'kati mwa khutu usadafike ku ubongo. N'chifukwa chake anthu ena amene adachitidwa opaleshoni ya khutu amadandaula kuti chakudya chidasintha kakomedwe, chonsecho minga ya nsomba akuimva monga kale. Chigawo chachitatu, cha kufupi ndi kummero, chili ndi mtsempha wakewake umene umagwira ntchito ziwiri zonsezo. Mukadwala chimfine ndiwo zimasanduka zosakoma chifukwa mphuno zatseka, pakuti mbali yaikulu ya kukoma ndi fungo. Komabe ndi maso otsinzina mutha kusiyanitsa nsima ya mgaiwa ndi ya ufa woyera, chifukwa msewu wa kukhudza uli wotsegukabe.

Pali chithunzi china chimene ambiri tidachiona m'mabuku a sukulu, chogawa lilime kuti kuzuna kumamveka kunsonga kokha ndipo kuwawa kumbuyo kokha. Chimenecho chiiwaleni. Chidachokera pa kusamvetsa zimene Mjeremani wina, David Hänig, adalemba m'chaka cha 1901, ndipo mayi wina wa ku America, Virginia Collings, adaonetsa m'chaka cha 1974 kuti kukoma kwa mtundu uliwonse kumamveka mbali zonse za lilime zimene zimalawa, kusiyana kwake n'kochepa chabe. Mapu enieni amene tikuwanena lero ali m'mutu.

Tayesani ndi foloko

Kale kwambiri, m'chaka cha 1834, mphunzitsi wina wa za thupi la munthu mumzinda wa Leipzig ku Germany, dzina lake Ernst Heinrich Weber, adafalitsa zimene adapeza poyesa khungu ndi kachipangizo ka nsonga ziwiri. Iye ankakhudza munthu ndi nsonga ziwirizo pa nthawi imodzi, n'kumazisendeza pafupi mpaka munthuyo atayamba kuzimva ngati nsonga imodzi. Pamsana, nsonga zotalikirana masentimita anayi kapena kuposerapo zimamvekabe ngati imodzi. Kunsonga kwa chala munthu amazisiyanitsa zikatalikirana mamilimita awiri kapena atatu. Koma kunsonga kwa lilime, mpata wa milimita imodzi yokha ndi wokwanira. Pa ziwalo zonse zimene Weber adayesa, lilime ndilo lidapambana.

Izi mutha kuziyesa kunyumba madzulo ano. Tengani foloko yotsuka bwino, uzani mwana wanu wamkulu atsinzine, ndipo muikhudzitse pang'ono pamsana pake. Mufunseni kuti mano a folokoyo ndi angati, adzangolota. Kenaka aikhudzitse yekha kunsonga kwa lilime, ndipo adzawawerenga limodzilimodzi osaphonya.

Weber adayesa kuchokera kunja. Amene adaona za m'kati ndi Dr. Wilder Penfield, amene adabadwira ku America m'chaka cha 1891 koma adagwira ntchito yake yaikulu mumzinda wa Montreal ku Canada, kumene adatsegula chipatala cha matenda a ubongo, Montreal Neurological Institute, m'chaka cha 1934. Odwala ake ambiri adali a khunyu imene idakanika ndi mankhwala. Pofuna kuwachiza iye ankachotsa kachigawo ka ubongo kamene kankayambitsa kugwako, koma vuto lidali lakuti mpeni ukaphonya pang'ono, munthu akadadzuka wosalankhula kapena wakufa mkono. Tsono Penfield ankachita opaleshoniyo wodwala ali maso. Ankapha dzanzi khungu la kumutu ndi jakisoni, n'kutsegula chigaza. Mwina mwachita nthumanzi powerenga zimenezi, koma dziwani kuti ubongo, umene umatiuza za ululu wa thupi lonse, pawokha sumva kuwawa ukakhudzidwa.

Atatsegula chotero, dokotalayo ankakhudza malo osiyanasiyana a ubongo ndi kawaya ka magetsi ofooka kwambiri, n'kumafunsa wodwalayo chimene akumva. Akakhudza apa, wodwala ankanena kuti chala chake chikunyerenyetsa. Akasendera pang'ono, ankanena za mlomo. Akatsika m'munsi, ankanena za lilime, ngakhale kuti m'kamwa mwake mudalibe kanthu. Pamalo paliponse Penfield ankaikapo kapepala kakang'ono ka nambala, ndipo pang'ono ndi pang'ono mapu adayamba kuoneka. Ife tikuona kuti ulemu wa ntchito imeneyi suyenera kupita kwa dokotala yekha. Anthu amene adagona pathebulo lija kwa maola ambiri, mutu uli chitsegukire, n'kumayankha mafunso modekha, adali olimba mtima koposa, ngakhale maina awo sakumbukika.

M'chaka cha 1937 Penfield ndi mnzake Edwin Boldrey adafalitsa zimene adapeza. Malo olandira uthenga wa kukhudza ali ngati kansalu komangira tsitsi, kochokera paliwombo kutsikira kukhutu, mbali ino ndi mbali inayo. Pakansalu kameneka munthu adaikidwa chadodolido: mapazi ali pamwamba, kenaka miyendo, thunthu, mkono, dzanja, zala, chala chachikulu, nkhope, milomo, mano, ndipo pansi penipeni, cha pamwamba pa khutu, pali lilime ndi mmero. Mbali ya kumanja ya thupi imatumiza mauthenga ake ku mbali ya kumanzere ya ubongo, ndipo ya kumanzere ku mbali ya kumanja. Panjira mauthenga onsewa amayamba aima pamalo ena pakati pa ubongo otchedwa thalamus, amene amagwira ntchito ngati positi ofesi yosankha makalata, ndipo ulendo wonsewo umatha musadaphethire n'komwe.

Chimene chidadabwitsa anthu ndi kagawidwe ka malowo. Nyakwawa yanzeru pogawa minda siyang'ana msinkhu wa munthu, imayang'ana kuchuluka kwa makasu a pabanja pake. Ubongo udachitanso chimodzimodzi. Msana, ukulu wonse uja, udalandira kadimba kakang'ono, pakuti timitsempha ta kumva pamsana ndi tapatalipatali. Koma zala, milomo ndi lilime, kumene timitsemphato tidathithikana, zidalandira minda ikuluikulu. Mayi wina waluso la zojambula, Hortense Cantlie, ndiye adajambula kamunthu koonetsa mmene tikadaonekera ziwalo zathu zikadakula molingana ndi minda yake mu ubongo. Kamunthuko n'koseketsa ndi koopsa pamodzi: timiyendo tonga bango, kathupi kochepa, manja aakulu ngati malichero, milomo yotupa, ndi lilime lalikulu lolendewera. Makina a masiku ano ojambula ubongo wa munthu wamoyo popanda kung'amba atsimikiza mapu amenewa, koma aonetsanso kuti malire ake sali olunjika ngati mizere ya fodya. Amalowana ngati minda ya pachibale, ndipo mbali iliyonse ya lilime imatumizako uthenga ku mbali zonse ziwiri za ubongo.

Mlonda wokuza nkhani

Mlonda wa tcheru chotere ali ndi khalidwe limodzi loyenera kulidziwa, ndilo kukuza nkhani. Dzino likabooka pang'ono, lilime limakuuzani kuti pali chidzenje choti mungalowe nyemba, koma mukayang'ana pagalasi mumapeza kabowo kosaposa kambewu ka mpiru. Katsiku kamodzi kokha nyama itatsalira pakati pa mano, mtendere mulibe. Katswiri wina wa ku Britain, Stuart Anstis, adayesa zimenezi m'chaka cha 1964, ndipo adapeza kuti timabowo ting'onoting'ono timamveka tokula munthu akatikhudza ndi lilime kusiyana ndi pamene watikhudza ndi chala. Choncho musade nkhawa ndi kanthu kalikonse kamene lilime lakuuzani usiku. Dikirani kuche, muyang'ane ndi maso.

Komatu pali chinthu chimodzi chimene mlonda yemweyu amachedwa kuchinena. Zilonda wamba za m'kamwa zimapweteka kwambiri koma zimapola zokha m'masiku owerengeka. Khansa ya lilime kawirikawiri imayamba mosapweteka, ngati kachilonda, kachotupa kolimba, kapena banga loyera kaya lofiira, makamaka m'mbali mwa lilime kapena kunsi kwake. Imakonda anthu osuta fodya, oika fodya wopera m'kamwa monga amachitira agogo ena, ndi akumwa kachasu kapena mowa wina mopitiriza. Fodya ndi mowa zikaphatikizana ngoziyo imakula. Chilonda chilichonse cha m'kamwa chimene chatha milungu itatu osapola chikaonetsedwe kuchipatala, kaya chikuwawa kaya sichikuwawa. Ngati bambo a kunyumba akukana kupita, monga mwa chizolowezi cha abambo ambiri, aperekezeni ndinu.

Nanga tsabola? Pano chinenero chathu chidalasa ndithu. Timati tsabola amawawa, monga momwe timanenera kuti bala likuwawa, ndipo n'zoona, pakuti ukali wa kambuzi suyenda msewu wa kulawa koma wa kukhudza ndi ululu. M'chaka cha 1997 David Julius ndi anzake ku San Francisco adapeza kachitseko kakang'ono kwambiri pa timitsempha ta kumva, kamene kamatseguka kutentha kukafika pafupifupi madigiri 43. Mankhwala a mu tsabola otchedwa capsaicin amatsegula kachitseko komweko, motero ubongo umalandira uthenga wakuti m'kamwa mwapsa, n'kulamula thukuta ndi misozi, chonsecho moto palibe. M'chaka cha 2010 Ardem Patapoutian, wobadwira ku Lebanon, pamodzi ndi anzake adapeza timakomo tina timene timatseguka pakakhala kukanikiza. Awiriwa adalandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 2021. Capsaicin sasungunuka m'madzi koma m'mafuta, n'chifukwa chake kapu ya madzi sithandiza kwenikweni mwana amene wadya tsabola mwangozi, pamene mkaka umaziziritsa. Ndipo kwa iwo amene amapaka tsabola pabere pofuna kuletsa mwana kuyamwa, tikuti lekani. Kwa ubongo wa mwanayo, zimenezo sizisiyana ndi kumuotcha.

Pakuti khanda limadalira pakamwa kuposa ife akuluakulu. Mwana akali m'mimba, pa milungu isanu ndi itatu kapena pafupi pamenepo, malo oyamba m'thupi kumva kukhudza ndi ozungulira pakamwa. Akabadwa, mukangomukhudza patsaya amatembenuka kufunafuna bere, maso asadayambe kuona bwino. Akayamba kukwawa, chilichonse chimene watola chimapita kukamwa, ndipo ife timamukalipira ngati wosusuka. Si njala imeneyo; mwanayo akufufuza chinthucho ndi chiwalo chimene chimamuuza zambiri. Ntchito yathu ndi kusesa pamene akusewera, kumupatsa zinthu zoyera ndi zazikulu zoti sangameze, ndi kuika patali ndalama zachitsulo, mikanda, nyemba, mtedza wosasinja, ndiponso timabatire tating'ono tozungulira ta m'mawotchi ndi m'zidole, timene tikamezedwa timaotcha mmero m'maola ochepa.

Luso la lilime lidafika pothandiza ngakhale osaona. Dr. Paul Bach-y-Rita wa ku America m'chaka cha 1969 adaonetsa mpando wokhala ndi timisomali tonjenjemera 400 kumsana kwake, tojambula pamsana wa munthu wosaona zimene kamera ikuona. Patapita zaka adasamutsira nzeru imeneyi palilime, limene ndi lonyowa ndiponso lomva bwino kuposa msana. Chipangizocho, chotchedwa BrainPort, chidaloledwa kugulitsidwa ku America m'chaka cha 2015. Sichibwezera maso, koma munthu wophunzitsidwa bwino amatha kuzindikira nacho pamene pali khomo kapena chinthu chachikulu patsogolo pake.

Lilime likakhala chete

Aliyense amene adazulitsapo dzino la m'munsi akudziwa mmene zimakhalira mtsempha ukagonekedwa ndi jakisoni. Mlomo ndi theka la lilime zimachita dzanzi, ndipo umaona ngati zatupa kwambiri, koma pagalasi zili bwinobwino. Ubongo ukasowa uthenga wozolowereka umasokonezeka pa za kukula kwa chiwalocho. Dzanzi limeneli limatha m'maola angapo. Pa nthawi imeneyo musamupatse mwana chakudya chotafuna kapena chotentha, ndipo mumuyang'anire, pakuti ana amaseweretsa mlomo wa dzanziwo ndi mano mpaka kudzivulaza osadziwa. Mtsempha wa lilime umadutsa pafupi kwambiri ndi dzino lomaliza la m'munsi, choncho ngati dzanzi lapitirira masiku angapo dzinolo litazulidwa, bwererani kwa dokotala wa mano.

Tsopano kumbukirani mndandanda uja wa Penfield. Munda wa chala chachikulu udachita malire ndi munda wa nkhope ndi milomo, ngakhale m'thupi ziwalozi zili kutali. M'chaka cha 1999 akatswiri ena ku Sydney, Australia, adapha dzanzi chala chachikulu cha anthu ofuna kuyesedwa, ndipo anthuwo adamva ngati chalacho chakula, komanso ngati milomo yawo yakula, chonsecho milomoyo sidakhudzidwe. Uneba umenewu uli ndi tanthauzo lalikulu pa matenda ofa ziwalo, amene ambiri amawatcha sitiroko. Kamtsempha ka magazi kakatsekeka kapena kuphulika mu ubongo, malo oyandikana amavutikira pamodzi. Motero munthu angathe kumva dzanzi mwadzidzidzi pangodya ya mlomo, theka la lilime ndi zala za dzanja la mbali yomweyo, popanda mutu kuwawa, popanda kugwa. Ambiri amati ndagonera mkono, ena amathamangira kuganiza za anthu oipa mtima. Vutolo lili m'mutu, ndipo likhoza kukhala kalambulabwalo wa sitiroko yaikulu.

Chakudza sichiyimba ng'oma, komabe matenda awa ali ndi zizindikiro zimene mayi watcheru angazione pakhonde pomwepo. Muuzeni munthuyo amwetulire, muone ngati mbali imodzi ya pakamwa yagwa. Muuzeni akweze manja onse awiri, muone ngati wina ukutsika wokha. Mulankhulitseni, mumve ngati mawu akutuluka olemera ngati a munthu woledzera. Muuzeni atulutse lilime, muone ngati likupendekera mbali imodzi. Chimodzi chokha mwa zimenezi chikabwera mwadzidzidzi, funani galimoto, ngolo kapena machira nthawi yomweyo, ngakhale zizindikirozo zitatha zokha patapita mphindi zochepa. Zimachitika kwambiri kwa anthu a kuthamanga kwa magazi ndi a matenda a shuga, makamaka amene adasiya kumwa mankhwala poona kuti akupeza bwino. Panjira musamumwetse madzi, phala kapena mankhwala alionse, chifukwa mmero umene sukumva bwino umalowetsa zinthu kunjira ya mpweya, ndipo zotsatira zake ndi chibayo.

Wodwala akatuluka m'chipatala, ntchito yomudyetsa imagwera ife amayi, kaya ndi mwamuna, kaya ndi apongozi. Apa m'pamene muyenera kulowa m'malo mwa mlonda uja. Mukhazikeni tsonga, osamudyetsa chogona. Sankhani minga yonse m'nsomba ndi zala zanu, ndipo lawani kutentha kwa phala ndi supuni ina, pakuti iye angapse osadziwa. Mupatseni pang'onopang'ono, kumbali imene ikumva bwino, ndipo dikirani ameze musadamupatse china. Akatha kudya yang'anani m'tsaya la mbali yodwalayo, chifukwa chakudya chimabisala m'menemo iye osachimva, ndipo chingamutsamwitse atagona. Mutsukeni m'kamwa, ndipo akhalebe tsonga kwa theka la ola. Ngati akutsokomola nthawi iliyonse akamamwa, kapena mawu ake akumveka ngati muli madzi kummero, kanenani kuchipatala.

Musataye mtima poona kuti zinthu zikuchedwa. Malire a minda ya mu ubongo amasuntha malinga ndi ntchito. M'chaka cha 1995 Thomas Elbert ndi anzake adapeza kuti anthu oimba zoimbira za zingwe ali ndi malo okulirapo mu ubongo a zala za dzanja lamanzere, zimene zimakanikiza zingwezo tsiku ndi tsiku. Pa chifukwa chomwechi, madokotala olimbitsa ziwalo amauza odwala sitiroko kubwereza zochita zazing'ono kambirimbiri, monga kutchula mawu, kuyendetsa lilime uku ndi uku, ndi kugwira supuni okha. Kusintha kwakukulu kumaoneka m'miyezi itatu yoyambirira, ngakhale kumapitirira pang'onopang'ono pambuyo pake. Choncho agogo akafuna kudzidyetsa okha, ayalireni chitenje pachifuwa, muwapatse supuniyo m'manja, ndipo inu mukhale pambali pawo mpaka mbale ithe.